Tembenuza, Bwerera, Pomwepo

Amuna anga anamwalira n'kundisiyira mwana mmodzi ndi nyumba yodzaza mativi akufa. Anali okonza mativi, ndipo sindikunena kuti ntchito sankaidziwa. Ankaidziwa. Vuto lawo sankadziwa kukana. Munthu abwere ndi tivi yoti inapsa ndi mphenzi, iwo ankangoti isiyeni tiona. Mwini wake osabweranso. Tsiku limene tinawaika m'manda, mativi anali pansi pa bedi, kuseri kwa chitseko, m'khonde, ina m'bafa itavundikiridwa ndi chiguduli. Olira maliro ena anakhalira mativi omwewo chifukwa mipando inachepa. Mwa onsewo panalibe ngakhale imodzi yoyaka. Yathu yeniyeni, yomwe inkagwira ntchito, anaiphwasula okha sabata imene anayamba kudwala, kuti atengemo kachitsulo kokonzera ya munthu wina. Ndikawakumbukira ndimalira, ndikapunthwa chala pa tivi popita kubafa ndimawatukwana, ndipo sindiona kuti ziwirizi zikutsutsana pati.

Mwana wathu timamutchula Kamlongoti. Dzinali anam'patsa ndi bambo ake chifukwa ndi wamtali, woonda, komanso ali wamng'ono ndiye ankakwera padenga kukatembenuza eriyo iwo akamayesa tivi m'nyumba. Bambo akewo ankakuwa ali pawindo: tembenuza, tembenuzabe, wapitiriza, bwerera, pomwepo. Akati pomwepo, mwana ankauma ngati chitsa padengapo, osapuma n'komwe, kuopa kuti chithunzi chithawa. Ine ndinkakuwa zanga ndili pansi, kuti mwanayo akagwa ndiwakwirira limodzi ndi mativi awo. Palibe ankandimva.

Atasankhidwa kupita ku yunivesite anandiuza kuti akaphunzira za tivi. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma mawu akuti tivi ndimawamva. Ndinadziwa kuti basi, mwana wanga azikawerenga nkhani atakhala kuseri kwa tebulo lonyezimira. Ndine telala, makina anga ali pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo aliyense wobwera kudzafupikitsa thalauza kapena kusinthitsa zipi ankachoka atamva kuti posachedwa aziona Kamlongoti m'nyumba mwake madzulo alionse, afune asafune. Ndinamusokera jekete la buluu la mapewa okwera, ngati a owerenga nkhani aja, n'kulipachika kuseri kwa chitseko, pamwamba pa mativi.

Akabwera kutchuthi ankachita zinthu zachilendo, koma ndinkati ndi mmene ophunzira amakhalira. Ankapita kwa aneba kukaonera nkhani atatsitsa mawu onse, n'kumangogogoda chala pabondo nthawi iliyonse chithunzi chikasintha. Tsiku lina anandijambula ndi foni ndikusoka, nati amayi sokani ngati mukusoka. Ndinamufunsa kuti nanga pano ndikukama ng'ombe? Zonsezo ndinkati akukonzekera kuoneka.

Zaka zonsezo mwana sanandiuze kuti ndinamva molakwika. Vuto la Kamlongoti ndi mawu. Thupi anatengera bambo ake, koma mawu sindidziwa anawatola kuti, chifukwa kwathu kulibe wolankhulira m'mimba. Ali ndi mawu a udzudzu. Ukamufunsa kanthu umachita kuimitsa makina kuti umve yankho.

Choonadi chinatuluka chaka chake chomaliza, tikupinda zovala pabedi. Ananena kanthu, ndinati bwereza, anabwereza, ndinati kweza mawu, sindine mfiti yomva zamumtima. Ndiye anati iye sadzaoneka pa tivi. Akuti ntchito yake ndi yokhala m'kachipinda kamdima kuseri, kutsogolo kwa magalasi ambiri, n'kumauza anthu a makamera choti ajambule, komanso kusankha chithunzi choti chipite kwa oonera. Akuti munthu ameneyo amatchedwa dayilekita, ndipo ndiye mwini zonse.

Ndinamufunsa ngati mwini zonse amabisala. Ndinamufunsa ngati ndinapindika msana pamakina zaka zonsezi kuti iye akakhale mumdima ngati mleme, ana a eni ake akumwetulira pagalasi. Ndinamufunsa kuti mwini sitolo ya zitsulo, amene m'mawa uliwonse amandifunsa kuti kodi nkhani zija ziyamba liti, ndikamuyang'ana ndi nkhope iti. Ndinanena zambiri, zina sindingazilembe. Iye anangopitiriza kupinda nsalu, ndipo nditapuma kuti ndimeze malovu anaonjezera china choipa kuposa choyamba.

Akuti mayeso omaliza si a cholembera. Wophunzira amapatsidwa situdiyo, anzake ogwira makamera, ndi nthawi yake, n'kuulutsa pulogalamu pompopompo pa intaneti ya sukuluyo, anthu akuonera nthawi yomweyo. Palibe kuima, palibe kubwereza. Galasi likada, kapena pulogalamu ikapyola nthawi, walephera. Iye anali atayesa kale teremu yatha ndipo analephera. Anauza wa kamera kuti atembenuke, wa kamera sanamve. Anauza wosintha zithunzi, nayenso sanamve. Mwana anachita mantha n'kungokhala chete, galasi linada bii anthu akuonera. Sukulu imalola kuyesa kawiri kokha. Kachiwiri kanali Lachisanu likubweralo, ndipo akalepheranso ndiye kuti digiri palibe, abwera kudzakhala nane pakhonde kumasoka mabatani.

Mkwiyo wanga unasowa kolowera. Ndinamufunsa chifukwa chake anandibisira, anati ankaopa kuti ndikalipa. Ndinakalipa kuti ine sindikalipa.

Masiku otsalawo ndinati ndimuphunzitse mawu ndekha, popeza yunivesite yalephera. Ndinamuimika pakhomo n'kumuuza kuti akalipire galu wa aneba amene amakonda kugona pa sitepe yathu. Anati choka. Galu anagwedeza mchira n'kumunyambita phazi. Ine ndinangotsokomola, galu anadumpha mpanda. Ndinamuuza kuti mawu samachokera pamphuno, amachokera pamene pakupweteka. Anati wamva. Ndinachita kuwerenga milomo kuti ndidziwe kuti wati wamva.

Pulogalamu yake inali ya zinthu zamagetsi zakufa, mafoni, mafiriji, mativi, kuti zimapita kuti zikatha ntchito. Sindinafunse komwe anatenga nzeru imeneyo. Anali ataitana katswiri wina wa za zinyalala, munthu wa mabuku, kuti adzafunsidwe mafunso. Kwa ine anangopempha chimodzi, kuti ndimubweretsere tivi yakale ya chimsana chachikulu, yoti aike patebulo anthu aziiona. Ndinati atenge onse. Anati imodzi yakwana.

Lachisanu ndinavala diresi langa lobiriwira, losoka ndekha, la manja aatali, lofika kumapazi, limene ndimavala pa maukwati okha. Ndinkafuna aphunzitsi akewo adziwe kuti mwanayu ali ndi kwawo. Ndinakulunga tivi m'nsalu, jekete la buluu lija ndinaliika m'jumbo, n'kukwera basi. Mlonda wa pageti la yunivesite anandiuza kuti ogulitsa malonda saloledwa. Ndinamuuza kuti akandipezera wogula tivi imeneyi ndim'patsa ena onse, ndi bedi lomwe. Ananditsegulira.

Situdiyo ndi chipinda chopanda windo, chozizira ngati mochale. Kudenga kwapachikidwa magetsi akuluakulu ngati mapoto, pansi pali mawaya omatidwa ndi tepi, ndipo aliyense amakuuza kuti usaponde apo utaponda kale. Pakati panali tebulo ndi mipando iwiri. Makamera atatu anaima pa miyendo ya matayala, kamera iliyonse ndi kababu kofiira pamutu. Khoma limodzi la kumbali linali lopakidwa penti wobiriwira kuchokera pansi mpaka kudenga, ndipo ndinakondwa kuona kuti likufanana ndendende ndi diresi langa.

Panali mnyamata wa suti, tayi yake yotakata ngati lilime la ng'ombe, akuyenda uku ndi uku kuloweza mafunso. Ameneyo ndiye wooneka pagalasi, pampando umene ndinkati ndi wa mwana wanga, ndipo ndinamuda nthawi yomweyo. Ndimutchula Chitayi. Panali wina wovala zakuda zokhazokha, mahedifoni kumutu, amene ndinauzidwa kuti ntchito yake ndi kuyang'anira pansi. Ndinayang'ana pansipo, panali posasesa. Ameneyo ndimutchula Wamanja. Pakona panakhala aphunzitsi awo, mayi wa magalasi otsetsereka pamphuno, nkhope yoti sinasekepo chibadwire.

Nditangoika tivi patebulo, foni ya Kamlongoti inalira. Anamvetsera, nkhope inachita mbuu ngati phulusa. Katswiri uja akuti anasokoneza masiku, ali ku msonkhano kutali, koma akumufunira zabwino zonse. Mwana anapita kwa aphunzitsi kukapempha kuti asinthe tsiku. Aphunzitsi anayang'ana wotchi ya pakhoma nati pompopompo ndi pompopompo, alendo amathawa ngakhale kunyumba zikuluzikulu zoulutsira mawu, ndipo nthawi ikakwana kababu kayaka, kaya mpando uli ndi munthu kaya ulibe.

Kamlongoti anayang'ana mpando, anayang'ana tivi, kenako anayang'ana ine. Maso amenewo ndinawadziwa. Ndi mmene bambo ake ankayang'anira tivi yopsa ndi mphenzi asananene kuti isiyeni tiona.

"Amayi, mukhala pampandopo."

"Ine ndidziwa chiyani za zinyalala?"

"Mumagona nazo."

Sanandipatse mpata wokana. Mtsikana wina anabwera ndi kaburashi kudzandithira ufa kumaso, akuti ndikunyezimira, ndinamuuza kuti sindine nsomba yoti akazinge. Wina anandimata kachimkuzamawu pakolala n'kundikoleka kabokosi kumsana. Mwana wanga mwini anandilowetsa kachinthu ngati nyemba m'khutu, ka waya wopotana, nati ndizimva mawu ake m'menemo. Anandipatsa malamulo chothamanga: ndiziyang'ana Chitayi, ndikamva mawu ake ndisayankhe, ndipo zivute zitani ndisadzuke pampando. Za Wamanja sananene kanthu, nthawi inamuthera. Ndinamuponyera jumbo ya jekete akuthamangira kukachipinda kake kamdima, anaiwakha osafunsa.

Magetsi anayaka, kunatentha ngati pambaula. Wamanja anagwada pambali pa kamera, anakweza dzanja n'kumapinda zala chimodzichimodzi, kenako analoza Chitayi ngati wam'gwira akuba. Nyimbo inalira. M'khutu mwanga udzudzu unayamba. Kachinthu kaja anakalumikiza mwaphuma, ndiye ndinkamva zonse zimene mwana ankauza anzake.

"Kamera yoyamba, wawadula mutu amayi."

Ndinagwira mutu wanga. Unalipo.

"Kweza pang'ono. Chonde."

Chonde. Nyumba ikupsa, mwini zonse akuti chonde.

Chitayi analonjera oonera kunyumba ndi mano onse, kenako anatembenukira kwa ine n'kunditchula kuti a dokotala. Mafunso anali atawaloweza ngati ndakatulo ya ku pulayimale, ndipo m'mutu mwake munalibe malo a china. Ndinamuuza kuti sindine dokotala, ndine telala komanso mkazi wamasiye. Anagwedeza mutu ngati wamva, n'kufunsa kuti monga katswiri, ndikuona kuti zinyalala zamagetsi m'dziko muno zimathera kuti. Ndinati zimathera pansi pa bedi langa. Anafunsa ngati pali ndondomeko yozisamalira. Ndinati ilipo, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba, ya m'bafa timaivundikira.

"Amayi, pang'onopang'ono," unatero udzudzu.

"Ndikulankhula pang'onopang'ono kale."

Chitayi anaphethira. "Sindinanene kanthu, a dokotala."

"Sindikunena iwe. Ndikuyankha wa m'khutumu."

"Amayi, musandiyankhe, anthu akukumvani."

"Kuyambira liti mwana kuuza make kuti asayankhe?"

Ndinakazula kachinthu kaja, kanatsala kakulendewera paphewa. Chitayi anasuntha mpando wake pang'ono kutalikirana nane. Anafunsa funso lotsatira, la za mankhwala oopsa a m'kati mwa magalasi, ndinati sindidziwa. Lina la za mayiko akunja, ndinati sindinapiteko. Lina, ndinangoti ayi. Mafunso amene anakonzera munthu wa mabuku, woyankha funso limodzi mpaka anthu kuodzera, ine ndinawatha ngati mtedza. Anatsegula pakamwa kufuna lina, m'mutu munali mutauma. Anangokhala kukamwa yasa, thukuta likutsikira mu tayi.

Apa ndi pamene Wamanja anayamba. Ali chogwada pansi pa kamera, anandiyang'ana m'maso, anagundanitsa nsonga za zala zake, n'kuzitalikitsa pang'onopang'ono ngati akukoka lasitiki, mpaka manja anatambasuka mbali zonse. Anabwereza. Ine ndine telala, ndimadziwa munthu akamayeza m'chiuno mwa mnzake. N'zoona kuti chimwalirire amuna anga ndinanenepa. Ena chisoni chimawaondetsa, ine chinandipita m'chiuno. Koma si nkhani yoti mwana wa dzulodzuloli azindiyeza pamaso pa anthu. Ndinamuyang'anitsitsa. Iye anatambasula kwambiri, nkhope ili ngati alira. M'chipinda monse munali zii, moti ndinamva magetsi akung'ung'udza kudenga.

Ndinati ndimusiye kaye, ndithana naye pambuyo. Kababu kofiira kanali kakuyaka pa kamera ya kutsogolo kwanga, ndipo ndinaganiza kuti mwayi wotere subwera kawiri. Ndinasiya Chitayi, ndinayang'ana m'kameramo, n'kuyamba kuitana eni mativi. A butchala a pakona, amene anabweretsa tivi yogwera m'madzi n'kunama kuti inangozima yokha. Aphunzitsi opuma aja a njinga yopanda mabuleki, eni tivi ya thabwa imene mphemvu zinaisandutsa likulu lawo. Alamu anga, amene anabweretsa awiri, ndipo pamaliro analira kuposa ine atakhalira imodzi. Ndinamenya tivi ya patebulo ndi chikhatho, fumbi linabuka, Chitayi anayetsemula. Ndinafotokoza za amuna anga, kuti anali munthu wabwino wopanda nzeru, kuti ankalankhula ndi mativi mokoma kuposa mmene ankalankhulira ndi ine, ndipo mpaka lero ife a nyumba ya wokonza mativi nkhani timakaonera kwa aneba. Pakamwa panga pakatseguka sipafuna kuthira mafuta.

Wamanja anasiya kuyeza. Tsopano anakweza chala chimodzi pafupi ndi mutu wake n'kumachizunguza. Chizindikiro chimenecho sichifuna yunivesite. Ngakhale mwana woyamwa amadziwa kuti akukunena kuti mutu wako sukuyenda bwino. Ndinapitiriza kulankhula, koma magazi anali atayamba kuwira. Anazunguza mofulumira. Ndinakweza mawu. Kenako mwana wopanda mwamboyo anatenga chikhatho chake, anandiyang'ana ine mkazi wamasiye, n'kuchidutsitsa pakhosi pake ngati mpeni. Anabwerezanso.

Wonenepa ndinapirira. Wamisala ndinapirira. Koma kundiopseza kuti andicheka pakhosi chifukwa chonena zoona za mativi a anthu, pamenepo ndinadzuka.

Ndinavula nsapato imodzi. Wamanja anaimirira n'kuyamba kubwerera chambuyo, ndipo chodabwitsa sanatulutse liwu ngakhale limodzi, ankangocheka pakhosi pake mofulumira ngati akufuna kudzipha yekha ndisanafike. Anadumpha waya, ndinadumpha waya. Anazungulira kamera, ndinazungulira. Anakathera pa khoma lobiriwira lija, msana kukhoma, kothawira kulibe. Ndinakweza nsapato.

Apo ndinamva mawu paphewa panga. Ankatuluka m'kachinthu kolendewera kaja, koma sanali a udzudzu. Ndinkawamva bwinobwino kachinthuko kali kunja kwa khutu.

"Yachitatu, khala pa amayi, usawasiye. Yachiwiri, usandionetse Chitayi mpaka atseke pakamwa. Wa nyimbo, konzeka. Ndati konzeka."

Panalibe chonde. Ndinaona makamera akusuntha ngati ng'ombe zomva mluzu wa mbusa wake.

"Amayi. Ndikudziwa mukundimva. Tsitsani nsapato, bwezerani icho m'khutu."

Ndinabwezera, sindidziwa chifukwa chake. Nsapato sindinatsitse.

"Tembenukani. Tembenukanibe. Mwapitiriza, bwererani pang'ono. Pomwepo."

Ndinauma ngati chitsa. Mawu anali a mwana wanga, koma kayendedwe kake kanali ka munthu amene ndinamuika m'manda, ataima pawindo, sikuludilaiva ili m'thumba la malaya. Kutsogolo kwanga kunali kababu kofiira. Misozi inafuna kutuluka, ndipo ndinakwiya nayo, chifukwa sindinakwere basi ndi tivi pamiyendo kuti ndidzalire a butchala akuonera.

"Auzeni abwere adzatenge mativi awo, munene kuti tsalani bwino, mutseke pakamwa. Tsopano."

Ndinawauza. Ndinati tsalani bwino. Ndinatseka pakamwa, chinthu chimene bambo ake anamwalira asanachione. Nyimbo inalira, kababu kanazima, Wamanja anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi.

Aphunzitsi anatiitanira tonse m'kachipinda kamdima kaja. Ndi kakang'ono, kodzaza magalasi ndi mabatani owala, konunkha thukuta la ana a sukulu. Mwana wanga anali atakhala pakati, atavala jekete la buluu m'malo moti palibe angalione, m'khwapa monse mutanyowa. Linamukhala bwino. Mapewa ndinalasa.

Ndinayamba ndine kudandaula za Wamanja. Aphunzitsi anakweza magalasi n'kundifotokozera kuti mu situdiyo woyang'anira pansi saloledwa kulankhula, ndiye amanena ndi manja zimene dayilekita wamuuza. Kukoka lasitiki ndiko kuti pitirizani kulankhula, nthawi ikadalipo. Kuzunguza chala ndiko kuti yambani kumaliza. Kucheka pakhosi ndiko kuti lekani. Ndinati ngati ndi choncho sukulu yonseyi ilibe mwambo, apeze zizindikiro zina zoti munthu angaonetse mayi wa mnzake. Wamanja anatulutsa mawu ake oyamba tsiku limenelo, akuti pepani amayi. Ndinamuuza kuti adzabwere ndi thalauza lakelo ndidzalifupikitse, likusesa pansi kuposa mwini wake.

Kenako anatibwezera pulogalamu ija kuti tione. Za kumayambiriro ndinaziona ndi diso limodzi. Pofika pa khoma lobiriwira ndinagwira mpando. Khomalo pagalasi panalibe. Panali chithunzi cha dzala lalikulu la mafiriji ndi mativi, chimene anakonzera katswiri uja kuti adzaime patsogolo pake pomaliza. Akuti makina amachotsa chilichonse chobiriwira n'kuikapo chithunzi. Diresi langa la maukwati makina analidya lonse. Chimene anthu anaona ndi mutu wanga wokha, wopanda thupi, ukuuluka pamwamba pa dzala, pambali pake chikhatho chogwira nsapato, ukuthamangitsa mnyamata wovala zakuda. Kenako mutuwo unatembenuka pang'onopang'ono, unapitiriza, unabwerera, n'kuuza anthu kuti abwere adzatenge mativi awo.

Ndinafunsa Kamlongoti chifukwa chake anaonetsa make ali choncho. Anayankha ndi mawu atsopano aja, osagwetsa maso. Akuti kamera ina inali pa mpando wopanda munthu, ina pa Chitayi ali kukamwa yasa, ndiye panatsala mutu wanga kapena mdima.

"Ndiye unasankha mutu wanga."

"Ndinasankha mutu wanu, amayi."

Aphunzitsi anali atayang'ana kukhoma, mapewa akugwedezeka, akuti ndi chifuwa. Atatembenuka anapukuta magalasi nati teremu yatha mwanayu anali ndi mlendo wabwino ndipo galasi linada. Lero anali ndi, apo anandiyang'ana, anameza mawu. Anati lero galasi silinade, pulogalamu yathera pa nthawi yake, ndipo mawu a dayilekita iwo anawamva ali mu situdiyo, kudutsa khoma. Wakhoza. Za Chitayi anati akambirana naye payekha.

Mwana sanalumphe, sanalire. Anangogoneka mutu pa mabatani, mababu ena anayaka, wina anamudzutsa kuti asagone pamenepo. Ine ndinafunsa kuti nanga dzina lake lili pati, popeza nkhope palibe. Anandionetsa kumapeto, mayina akukwera pagalasi ngati akuthamangitsidwa ndi galu. Ndinati abwereze. Anabwereza. Ndinati aimike. Anaimika, ndinaliwerenga chilembo chimodzichimodzi, lake ndi la bambo ake, pansi pa mawu akuti dayilekita. Ndinawauza kuti zilembo zake n'zazing'ono.

Ana a sukulu aja anadula kachidutswa ka mutu wouluka n'kukatumiza m'mafoni, moti sabata yotsatira anthu ankabwera pakhonde panga opanda choti ndisoke, kudzangoona ngati thupi ndili nalo. Mwini sitolo ya zitsulo anasiya kufunsa za nkhani, akuti waona zokwanira. A butchala anatumiza mawu kuti tivi ija andipatsa. Alamu anga sakundilankhula, ndipo ndikugona tulo tabwino. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzatenga yake. M'malo mwake anthu osawadziwa anamva kuti kuli mayi wosunga mativi akufa, ndipo m'mawa wina ndinapeza ina pakhomo, yothyoka phazi, galu wa aneba atagona pambali pake ngati ndiye waibweretsa.

Ndinakana kuilowetsa. Mvula itayamba ndinailowetsa. Malo anatsala pamwamba pa kabati pokha, ndiye ndinakwera pampando, Kamlongoti n'kundipatsira. Anabwerera m'mbuyo, manja m'chiuno, n'kuyamba: tembenuzani, tembenuzanibe, bwererani. Ndinamuuza ndili pampando pomwepo kuti udayilekita wake uzithera ku situdiyo, muno mwini mawu ndine.

"Pomwepo," anatero.

Tivi ija ili pomwepo mpaka lero.